Mmene mungayendere phiri la Zomba pochokera ku Lilongwe

Ife a mu Lilongwe muno tikangomva kuti Lolemba ndi holide, maganizo amathamangira ku Salima. Kunyanja n'kwabwino, sindikukana, koma ndikufuna ndikukopeni kuti ulendo wina mudzalowere kummwera, mukakwere phiri la Zomba. Pamwamba pake pali madamu a madzi ozizira, mathithi, nkhalango ya paini ndi yachilengedwe, komanso tinjira tambirimbiri toyenda wapansi. Langizo langa lalikulu ndi ili: phirili mulipatse tsiku lathunthu, ndipo muliyende ndi miyendo. Anthu ambiri amafika pagalimoto mpaka padamu, n'kujambulitsa, n'kugula mbale ya mabulosi, basi n'kumatsika. Akabwera kuno amati Zomba anaiona, pamene anangoima pakhomo pake.

Choncho konzani masiku atatu. Lachisanu ndi la pamsewu, Loweruka ndi la phiri, Lamulungu n'lobwerera. Kuchoka ku Lilongwe kukafika mu mzinda wa Zomba ndi mtunda wa pafupifupi makilomita 300, ndipo pagalimoto yanuyanu muwerengere maola asanu mukaphatikiza kuima m'njira ndi malo a apolisi apamsewu. Pabasi pamafunika mtima wautali kuposa pamenepo. Amene amayesa kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo amangotha mafuta ndi msana.

Nyengo ndi imene ingakukomereni kapena kukuwonongerani ulendo. Kwa ine miyezi ya Meyi ndi Juni ndiye yabwino koposa. Mvula imakhala italeka, mitsinje ikadali yodzaza, udzu ukadali wobiriwira, ndipo mpweya umakhala woyera moti maso amafika kutali. Julayi amazizira kwambiri, ndipo chiperoni chikabwera chimatha kuphimba phiri lonse kwa masiku angapo, mvula yowaza ili waa osaleka. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala njira zimakhala zouma, zoyendeka bwino, koma utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimatchinga chigwa, mwakuti mukafika pamalo oonerapo patali mumangoona mbuu. Nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Marichi, mathithi amakhala pachimake, koma dothi lake limaterera ndipo misewu yafumbi ya pamwambapo imafuna galimoto yamphamvu. Anzathu a zanyengo akachenjeza za namondwe kapena mvula yamphamvu kummwera, ulendowo ingousinthani. Tonse tikukumbukira zimene mapiri a kuchigawo chimenechi anachita nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023.

Za njira. Mukanyamuka m'tauni muno gwirani msewu wa M1 wolowera ku Blantyre, kudutsa Nathenje, Linthipe mpaka Dedza. Mafuta thirani okwanira kuno komwe, musadalire kuti mukawapeza kutsogolo. Mukafika pa Lizulu imani ndithu. Msika wake uli m'mbali mwenimweni mwa msewu, tsidya linalo ndi Mozambique, ndipo tomato, anyezi, kabichi, karoti ndi mbatata ya kachewere zimakhala mbwee pamtengo woti ku Area 2 simungaupeze. Ngati mukukagona koti mukadziphikire nokha, ndiwo zamasamba gulani pamenepo. Mukadutsa Ntcheu muzitchera maso pa Chingeni, chifukwa pamenepo ndi pamene mumasiya M1 n'kukhotera kumanzere kulowera ku Balaka. Mukapitirira mukathera ku Zalewa. Kuchoka ku Balaka mufika pa Liwonde, muwoloke Shire pa Kamuzu Barrage, kenako Machinga, Malosa, Domasi, mpaka Zomba. Chigawo cha Balaka ndi Liwonde n'chotentha, ndiye musanyengeke n'kuganiza kuti majuzi mwanyamula pachabe. Mukangodutsa Machinga mudzaona mapiri akuyamba kukuyandikirani kudzanja lamanja.

Oyenda pabasi, kudepoti mufunsitse musanakwere. Mabasi ambiri a ku Blantyre amadzera ku Zalewa ndipo safika ku Zomba. Inu mukufuna yodzera ku Liwonde. Wina akakuuzani kuti "kwerani mayi, tikakusinthani kutsogolo," dziwani kuti mukatsitsidwa pa Chingeni kapena pa Balaka n'kuyambanso kudikira ina kuti idzaze. Sikuti n'zosatheka, koma nyamukani m'mamawa kuti mdima usakupezeni mukadali pa siteji.

Kuchoka m'tauni ya Zomba kukafika pamwamba ndi makilomita pafupifupi 10 a msewu wa tala wokhotakhota. Opanda galimoto angapeze takisi kapena kabaza wa njinga yamoto, koma mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo mutenge nambala yake kuti adzakutengeninso potsika. Oyendetsa okha, musathamange. M'makona mumakumana ndi abambo akutsika ndi njinga zakapalasa zosanjikiza nkhuni mpaka kupitirira mutu, amayi osenza mitolo italiitali, ndi malole a matabwa amene sangaime msanga. Potsika ikani giya yaying'ono kuti injini izikugwirirani galimoto. Mukamangopondereza mabuleki njira yonse amatentha, fungo lake mudzalimva musanafike n'komwe m'munsi. Amene ali ndi mphamvu angakwere wapansi kudzera kanjira kotchedwa Potato Path, kamene kamayambira kumtunda kwa tauni. N'kachikweza koopsa, ndipo sindingalangize munthu wa katundu wolemera kapena amene mawa lake akufuna kuyenda tsiku lonse kuti ayambe nako.

Malo ogona alipo a matumba osiyanasiyana. Pamphepete penipeni pa phiri pali hotela ya Sunbird Ku Chawe. Palinso malo ena ang'onoang'ono, nyumba zobwereka zoti mudziphikire nokha, ndi pomanga matenti. M'tauni ndiye muli malo otsika mtengo ambiri. Ngati thumba likulola, gonani pamwamba ngakhale usiku umodzi wokha, chifukwa kukongola kwa phirili kuli m'mamawa, anthu a m'tauni asanayambe kufika. Imbani foni n'kusungitsa malo musananyamuke ku Lilongwe, makamaka pa Isitala, pa Khirisimasi ndi masiku amene ku yunivesite kuli mwambo wopereka madigiri, pakuti nthawi imeneyo Zomba yense amadzaza.

Pa zonyamula, yambani ndi nsapato. Sizifunika zodula ayi. Zofunika n'zakuti zikhale zotseka, zokhala ndi mano kunsi, ndipo zoti phazi lanu linazizolowera kale. Za pa kaunjika za ku Tsoka zimagwira bwino ntchitoyi, bola muzivale sabata imodzi musananyamuke. Masilipasi ndi nsapato zosalala kunsi zisiyeni kuchipinda, chifukwa masamba a paini akauma n'kuunjikana pamtsetse amaterera kuposa matope. Kenako juzi yokhuthala ndi jekete yoletsa mvula, ngakhale kutacha bwino bwanji. Nsonga yaitali ya phirili, Malumbe, ili pamamita oposa 2,080 kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere, pamene Lilongwe ali pamamita pafupifupi 1,050. Ndiye kuzizira kwa Juni kumene timadandaula nako kuno n'kwamasewera poyerekeza ndi kwa kumeneko. Amayi, chitenje musachisiye: chimafunda, chimayalidwa pokhala, ndiponso chimapukuta mapazi mukachoka pamathithi. M'chikwama cha kumsana ikani madzi akumwa osachepera malita awiri pa munthu, mtedza wokazinga, nthochi, mazira owiritsa kapena mbatata yophika, tochi, ndi jumbo yoikamo zinyalala zanu. Ndalama tengani zapamanja, zing'onozing'ono. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza m'tauni ndi pafupi ndi hotela, koma mukalowa m'zigwa za mkati netiweki imatha kusowa.

Tsopano nkhani ya wokutsogolerani. Pafupi ndi Ku Chawe pamakhala anyamata ndi abambo a m'midzi yozungulira amene ntchito yawo ndi kuperekeza alendo. Mutengeni mmodzi. Ndikudziwa kuti ena amati "phiri la kwathu lomwe lino, ndilipirenso munthu?" Koma njira za pamwambapo zimasokoneza. Misewu ya anthu a zankhalango imafanana yonse, tinjira ta otola nkhuni timadutsana paliponse, ndipo malo amene chaka chatha panali mitengo italiitali mwina lero anadula, pangotsala zitsa. Nkhungu ikatsika, munthu amene ali mapazi khumi patsogolo panu simumuonanso. Kuwonjezera apo, kuyenda ndi munthu wodziwika m'deralo ndi chitetezo. Kambiranani zonse musananyamuke. Muuzeni mosabisa kuti, "Achimwene, ife tili ndi mwana wa zaka 9 ndi amayi awa a bondo lovuta, tikufuna tikaone madamu onse awiri ndi mathithi, tibwerere dzuwa lisanapendeke. Zitheka?" Wodziwa ntchito yake adzakuuzani zoona, mwina n'kukuchotserani malo ena. Mtengo mumalizirane pomwepo, ndipo pa chakudya chamasana mumuwerengere nayenso.

Ulendo umene ndimaukonda umayambira padamu la Mulunguzi cha m'ma 7 koloko m'mawa. Damuli linamalizidwa cha m'ma 2000, ndipo ndi limene limamwetsa mzinda wa Zomba, monga momwe madamu a Kamuzu ku Malingunde amatimwetsera ife kuno. Nthawi imeneyo madzi amakhala ali zii, nthunzi ikufuka pamwamba pake, mitengo ya tsidya lina ikuoneka chadodolido m'madzimo. Yendani pang'onopang'ono m'mbali mwake. Musasambiremo. Madzi ake ndi akuya, ndi ozizira moti miyendo imatha kuuma mwadzidzidzi, komanso ndi amene anzathu akumwa kumunsiko.

Kuchoka padamu njira imatsata mtsinje wa Mulunguzi chokwera, kudutsa mathithi a Mandala, mpaka pamalo pamene ankawetera nsomba za mtundu wa trout. Chigawo chimenechi ndiye mtima wa ulendo wonse, ndipo m'pamene ndimapempha anzanga kuti asiye kaye kucheza mokweza. Mukachoka m'paini n'kulowa m'nkhalango yachilengedwe ya m'mbali mwa mtsinje, mudzamva kusintha. M'paini mumakhala chete, pansi pali gwa, fungo la utomoni lili guu. Kumtsinje kuli chinyezi, miyala yakutidwa ndi ndere, mitengo yavala zomera zina m'nthambi zake, ndipo mbalame zimalira mosiyanasiyana. Mukamva nthambi zikugwedezeka kumwamba imani, mwina ndi gulu la anchima likudutsa. Anyani nawonso alipo, makamaka kufupi ndi misewu. Musawapatse chakudya, ndipo jumbo ya nthochi musaigwire poyera.

Maso asamangokhala kumwamba. Panjira yachinyezi mudzapeza mzere wakuda bii wodutsa kuchoka mbali ina kupita ina, wonenepa ngati chala, ukuyenda osaduka. Limenelo ndi linthumbu. Mukayang'anitsitsa mudzaona kuti zazikulu zamitu ikuluikulu zaima m'mbali, mano ali yasa, pamene zing'onozing'ono zikuthamanga pakati zitanyamula mazira ndi tizidutswa ta chakudya. Lumphani ndi phazi lalitali, ndipo muuze amene ali pambuyo panu. Choopsa n'kuima pamzerepo mukujambula chithunzi, chifukwa limakwera mwakachetechete mpaka m'ntchafu lisanayambe kuluma. Mwana akalumidwa musamangomupukuta pamwamba, mvuleni thalauza muchotse limodzilimodzi. N'chifukwa chake ndimati masokosi akhale aatali, ndipo miyendo ya thalauza muipisire m'masokosimo.

Mathithi a Williams ali chakumtunda pang'ono. Si aatali kwambiri, koma madzi amatsika pamiyala yosanjikizana n'kupanga kadziwe koyera mbee, ndipo ndi malo abwino opumirapo n'kudya kanthu. Vulani nsapato muviike mapazi, mudzatsitsimuka mpaka kumutu. Koma musakwere miyala yonyowa pofuna chithunzi chabwino, pakuti chipatala chili kutali kumunsi.

Mukachoka apo pali chitunda chotopetsa ndithu chopita kudamu la Chagwa. Ili ndi laling'ono, lobisika, ndipo kawirikawiri simupezako gulu la anthu. Ine ndimalikonda kuposa la Mulunguzi chifukwa cha bata lake. Pumani pamenepo musanapitirize kumalo awiri oonerapo patali amene ali moyandikana, Queen's View ndi Emperor's View. Oyambawo anawatcha choncho pokumbukira ulendo wa mayi wa Mfumukazi Elizabeth mu 1957, achiwiriwo pokumbukira Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inabwera kuno mu 1965. Mpaka lero a chipembedzo cha Chirasta amawalemekeza kwambiri malo achiwiriwa, ndiye mukawapeza akupemphera apatseni ulemu wawo.

Kukakhala kowala, pamenepo mudzaiwala kutopa. Mzinda wonse wa Zomba uli pansi pa mapazi anu. Chakum'mawa kuli nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi pakati pake. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo zaka za chilala imaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995. Mukayang'ana cha kummwera chakum'mawa mudzaona phiri la Mulanje litatumphuka lokha pachigwa, ndi nsonga yake ya Sapitwa, ya mamita 3,002, imene ndi yaitali koposa m'dziko muno. Yesetsani kufika pamenepa isanakwane 1 koloko masana, chifukwa dzuwa likapendeka mitambo imakonda kusonkhana m'mphepete mwa phiri. Kuzungulira konseku, kuyambira padamu mpaka kubwerera ku Ku Chawe, kumatenga maola asanu kapena asanu ndi limodzi kwa anthu oyenda mosathamanga.

Dzenje la Chingwe lili kwina, chakumadzulo, ndipo musaliphatikize tsiku lomwelo pokhapokha muli ndi galimoto yokwera bwino. Wapansi ndi ulendo wa tsiku lakelake. Ndi dzenje lakuya lobisika m'mitengo, ndipo akuluakulu a kumeneko amasimba kuti kale ankaponyamo adani a mafumu ndi anthu odwala khate. Pafupi pake pali phompho loyang'ana kuchigwa cha Shire. Ana agwireni dzanja, chifukwa m'mphepete mwake mulibe chotchinga chodalirika. Kumeneko mudzapezanso anyamata ogulitsa miyala yonyezimira ya m'mapiri omwewo.

Ngati muli ndi agogo kapena ana aang'ono kwambiri, musawakakamize ulendo wautaliwo. Kuyenda kuchoka padamu la Mulunguzi mpaka mathithi a Mandala n'kubwerera n'kokwanira, ndipo adzakhala ataona madzi, nkhalango ndi mbalame.

Pali chinthu chimene mudzachione ndi maso anu, ndipo ndibwino ndikuuziretu. Nkhalango ya Zomba inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1913, koma lero mbali zambiri za phirili n'zometeka. Kwina anadula paini osabzalanso, kwina moto unapsereza mitengo ing'onoing'ono isanakule, kwina macheka ndi nkhwangwa zalowa mpaka m'mitengo yachilengedwe ya m'mbali mwa mitsinje. Zimandiwawa, chifukwa mitengo imeneyo ndi imene imagwira dothi kuti lisakokolokere m'damu, ndiponso imasunga madzi kuti Mulunguzi asaphwe m'chilimwe. Ife a ku Lilongwe nkhaniyi si yachilendo, tikudziwa mmene makala athera Dzalanyama kumene kumachokera madzi athu. Sindiloza chala mayi wosenza nkhuni, pakuti nayenso akufuna ana adye. Koma mlendo ali ndi mbali yake. Musakoleze moto paliponse, otchani nyama pamalo pokhapo pamene anakonzera zimenezo, ndipo muthire madzi mpaka phulusa lizizire. Osuta, chotsalira cha ndudu chisagwe pansi, chifukwa mwezi wa Seputembala udzu ndi masamba a paini zimayaka ngati zathiridwa palafini. Mabotolo ndi mapepala bwererani nawo. Musazule maluwa a m'tchire kuti mukabzale ku Area 47, sakamera n'komwe kotentha kuno. Ndipo ndalama imene mwalipira wokutsogolerani uja kapena wogulitsa zipatso ndi imene imapatsa anthu a m'deralo chifukwa choonera nkhalango ili chiimire.

Zipatsozo gulani tsiku lobwerera, osati lofika. M'mbali mwa msewu wotsika anyamata amaimika timbale todzaza masitiroberi, mabulosi akuda ndi achikasu, magalagadeya ndi mapeyala, malinga ndi nyengo. Nenererani mwaulemu, koma musafinye munthu mpaka kumulanda. Pemphani kuti akukhuthulireni m'chidebe chanu muone za pansi, chifukwa zofewa zimakonda kubisala kumeneko. Tengani chidebe chosaya chokhala ndi chivindikiro, muyale pepala pansi, ndipo musachiike padzuwa kumbuyo kwa galimoto. Kutentha kwa pa Liwonde kumasandutsa mabulosi phala musanafike n'komwe ku Balaka.

Lamulungu m'mawa, ngati nthawi ilipo, zungulirani pang'ono m'tauni. Zomba ndiye linali likulu la dziko lino mpaka 1975 pamene linasamukira kuno, ndipo aphungu anapitiriza kukumana komweko mpaka 1994. Nyumba yakale ya malamulo ikadalipo, pafupi ndi munda wa zomera wa boma umene mtsinje wa Mulunguzi umadutsamo ukatsika m'phiri. Ana a sukulu amasangalala kuona ndi maso zimene amangowerenga m'mabuku. Mumsika waukulu mugule mpunga ndi matemba a ku Chilwa ngati alipo.

Koma ikamakwana 12 koloko mukhale mutanyamuka. Chigawo cha pakati pa Ntcheu ndi Dedza chimagwa nkhungu madzulo m'miyezi yozizira, ndipo m'mbali mwa msewu mumakhala anthu apansi, njinga zopanda magetsi ndi malole oima opanda chizindikiro. Mukanyamuka nthawi imeneyo mudutsa Dedza kukadali kowala, ndipo mulowa mu Lilongwe dzuwa likulowa kumene.